Oyilo wa m'difu ya kutsogolo akusanduka ngati mkaka pa Land Cruiser 79

Makaniko wa ku Nchalo:
Akuluakulu anzanga pantchito, ndabwera ndi vuto limene landizunguza mutu chiyambireni mvula. Ndimasamalira Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ, imene imayenda kawirikawiri mumsewu wa ku East Bank kuchokera pa Thabwa kulowera ku Fatima, kumene imawoloka mitsinje m'malo opanda milatho. Kawiri konse ndatsegula difu ya kutsogolo (bokosi la magiya limene limagawa mphamvu ku matayala awiri a kutsogolo) n'kupeza oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti mwalowa madzi, ndipo pa knuckle ya kumanzere (mfundo imene tayala la kutsogolo limakhoterapo) pakutsika chiphalaphala chakuda chimene chadetsa tayala lonse mkati. Ndasintha kale seal (kamphira kotchinga oyilo kuti asatuluke) ya mkati mwa axle (chitsulo cholumikiza matayala awiriwo) kawiri ndi kuthira oyilo watsopano wa 80W-90 GL-5, koma pakangotha milungu itatu vuto limabwereranso, moti eni galimoto ayamba kukayikira ngati ndimaikadi zipangizo zimene amalipira.

Makaniko wa ku Mchesi, Lilongwe:
Achimwene, chiphalaphala chimenecho ndi girizi wa mu knuckle amene wasakanikirana ndi oyilo wa m'difu, choncho n'zoona kuti seal ikudutsitsa oyilo. Musanaikenso ina, yendetsani chikhadabo pamene seal imakhudza shafiti, chifukwa galimoto ikayenda nthawi yaitali pamenepo pamakumbika kamzere, ndipo seal yatsopano singagwire pamalo okumbika. Muonenso ma bearing a knuckle, la pamwamba ndi la pansi, pakuti akatha shafiti siikhalanso pakati ndipo imadya seal mbali imodzi. Ndinenenso kuti ma seal otsika mtengo ambiri sapirira kutentha.

Mwini garaji wa ku Mzuzu:
Zimene anena bambo a ku Mchesi ndi zoona ndipo muziyeze ndithu, koma ine sindikukhulupirira kuti gwero lili pamenepo, chifukwa seal yotha imafotokoza za oyilo amene akutuluka, osati za madzi amene akulowa. Funso langa ndi lakuti, kodi breather ya difu imeneyo munaimasulapo?

Difu ikayenda mtunda imatentha, mpweya wa mkati umafufuma, ndipo umayenera kutulukira pa breather, kachitsulo kakang'ono kokhala ndi chivindikiro kamene kamathera pamalo otsika, pofikira matope onse. Matope akauma pamenepo mpweya umasowa potulukira, ndiye umakankha oyilo kudutsa pa seal mpaka mu knuckle, ngakhale seal ikhale yatsopano. Tsiku lomwelo dalaivala amalowetsa difu yotenthayo m'madzi ozizira a mumtsinje, mpweya wa mkati umafota mwadzidzidzi, ndipo difu imayamwa chilichonse chimene chili pafupi, chomwe panthawiyo ndi madzi amchenga. Vuto ndi limodzi, koma limaonekera pawiri. Galimoto zimene zimabwera kwa ine kuchokera mumsewu wa ku Nyika nyengo ya dzinja zandiphunzitsa zimenezi mowawa, pakuti nanenso ndinasinthapo ma seal ambiri pachabe ndisanazindikire.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Galimoto ikangofika kuchokera paulendo, masulani pang'onopang'ono pulagi yothirira oyilo, ndipo mukamva mpweya ukuti psii, dziwani kuti breather yatsekeka. Mukaitsuka musaisiye pamalo akalewo, koma mulumikize paipi yopirira oyilo, muikweze mpaka m'chipinda cha injini pafupi ndi boneti, ndipo kumapeto kwake muikeko kasefa kakang'ono. Musiye paipiyo yolendewera pang'ono pakati pa axle ndi chasisi kuti isaduke tayala likatsikira m'dzenje. Muchite chimodzimodzi ku difu ya kumbuyo, giyabokosi ndi transfer case (bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo).

Woyang'anira galimoto ndi madalaivala, Blantyre:
Ndiwonjezereko mbali ya ife oyendetsa, chifukwa makaniko angakonze bwino koma dalaivala n'kuwononganso mawa lake. Madalaivala ambiri akaona snorkel (paipi yokwera m'mwamba pambali pa galimoto) amaganiza kuti galimoto yonse yatetezedwa ku madzi, pamene iyo imangoteteza mpweya wolowa mu injini basi. Ife tinalamula kuti munthu akafika pamtsinje aime kaye mphindi zingapo, atsike akaone kuya kwa madzi ndi pansi pake, zomwe zimapatsanso difu mpata wozizirako. Galimoto imene yawoloka madzi ofika pamwamba pa axle timaiona oyilo ikangobwerera, osadikira sevisi ya makilomita 5,000, ndipo timapopera girizi m'ma nipple (timabowo tolowetsera girizi) onse a propshaft (shafiti yopereka mphamvu ku difu) kuti madzi amene alowa atuluke. Buku la Toyota limanenanso kuti galimoto iziyendako makilomita 16 mwezi uliwonse itatcheredwa magudumu onse anayi, kuti zitsulo za kutsogolo zizilandira oyilo, koma m'chilimwe ambiri amaiwala mpaka ma hub amauma.

Makaniko wa ku Nchalo:
Zikomo kwambiri nonse. Galimoto yafika masana ano, ndipo nditangomasula pulagi monga ananenera bambo a ku Mzuzu, mpweya unatuluka mpaka mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anadzidzimuka. Breather ndinaipeza itamatidwa ndi dothi la makande louma gwa, moti chivindikiro chake sichimagwedezeka ngakhale pochigogoda ndi sipanala. Bambo a ku Mchesi nawonso sanalakwe, chifukwa bearing la pansi pa knuckle ya kumanzere lachita dzimbiri ndipo likusewera, ngakhale kuti shafiti ndaipeza yosalala bwino.

Ndatsuka difu, ndaitanitsa ma bearing ndi ma seal a mbali zonse ziwiri, ndipo mu knuckle ndidzaika girizi wakuda wa molybdenum, osati wa ma bearing a matayala amene ndinapezamo. Mapaipi a ma difu onse awiri ndawakweza kale mpaka pansi pa boneti, ndipo a giyabokosi ndi transfer case ndimaliza mawa. Oyilo ndidzamuonanso galimoto ikadzabwerako ku Fatima Lachisanu, kenako ndidzakudziwitsani mmene ndamupezera.