Galu wanga amalusa koma akunjenjemera, ndimuthandize bwanji osamumenya?

Membala wosatchula dzina:

Moni nonse a pa gulu. A admin ndiloleni ndifunse, ndipo amene mumadziwa za agalu chonde mundiyankhe mofatsa, chifukwa nkhaniyi yatisowetsa mtendere pakhomo.

Tili ndi galu wamwamuna, dzina lake Bingo, wopitirira pang'ono chaka chimodzi. Achimwene anga anamugula m'mbali mwa msewu kuno ku Lilongwe, kwa anyamata aja amanyamula tiagalu m'manja, ali kakhanda kosatha n'kudya nsima komwe. Atakulako ankamutsekera m'khola masana onse n'kumumasula usiku basi, monga amachitira anthu ofuna galu wolondera. Achimwenewo atasamukira kutali ku ntchito, galuyo anatsala m'manja mwanga.

Ndi ife a m'nyumba alibe vuto, ana amamusisita bwinobwino. Koma mlendo angogogoda pa geti, kapena wa kabaza adutse ndi njinga yamoto, ubweya wa pamsana umaimirira, amauwa mpaka mawu kusasa, amalumphira geti ngati aligwetsa. Chimene chandikhudza n'chakuti ndikamuyang'anitsitsa, amauwa uku miyendo ya kumbuyo ikunjenjemera, mchira uli pansi pa mimba. Mlendoyo akasuntha phazi limodzi kubwera kutsogolo, iye amabwerera m'mbuyo, nthawi zina mpaka kudzikodzera. Mvula ya mabingu ikayamba amakanda chitseko cha kukhitchini mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Za makombola a pa Nyuwere ndiye musanene.

Posachedwapa anang'amba chitenje cha mayi wina wogulitsa masamba amene analowa geti lili lotsegula. Mwamwayi mano sanafike pakhungu. Eni nyumba anena kuti zikachitikanso galuyo achoke. Bambo a kunyumba akuti akufunika kukwapulidwa ndi paipi basi. Kunabweranso munthu wina wodzitcha wophunzitsa agalu, anamuveka tcheni chothina pakhosi n'kumamukoka mpaka anagona pansi. Tsiku limenelo anakhaladi chete, koma kuyambira pamenepo akangoona chingwe amadzuma, zimene sankachita kale.

Ine kumumenya mtima sukundilola, ndipo sindikufuna kumutaya. Kodi pali njira ina? Galu wamkulu kale chonchi angasinthe? Nanga akasiya kulusa, usiku azilonderabe?

Bambo wa ku Area 25:

Mayi, galu ndi galu. Akuyenera adziwe kuti mwini khomo ndani. Mukumunyengerera kwambiri n'chifukwa chake wakukwerani pamutu. Ife takula ndi agalu kumudzi, akalakwa ndodo, mawa wasintha. Ndipo galu wolusa ndi amene akufunika masiku ano ndi kuchuluka kwa akubaku, ena mpaka amachita kuwadyetsa mavu kuti aluse.

Wosamalira ndi kuphunzitsa agalu, Blantyre:

Achemwali, mwachita bwino kufunsa, ndipo maso anu aona zoona. Galu amene akuuwa mchira uli pansi pa mimba, thupi litatsamira kumbuyo, ali ndi mantha. Waphunzira kuti akauwa mwamphamvu chinthu choopsacho chimachoka. Wa kabaza amadutsa n'kupita, wogogoda amabwerera m'mbuyo, ndiye kwa iye kuuwa kumagwira ntchito tsiku lililonse.

Mbiri yakeyo ikufotokoza zambiri. Kagalu kamayenera kukhala ndi mayi wake mpaka masabata 8, ndipo nthawi imene kamazolowera anthu, phokoso ndi zinthu zachilendo mosavuta ndi kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 12. Bingo nthawi imeneyo inamudutsa ali m'manja mwa ogulitsa kenako m'khola. Dziko la kunja kwa geti sanalidziwepo ali wamng'ono.

Musanayambe chilichonse mupite naye kwa dokotala wa ziweto. Kwanuko kuli chipatala cha LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto, komanso madokotala ena oima paokha. Amuone m'makutu, mano, chiuno ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, chifukwa galu amene akumva ululu sachedwa kulusa, ndipo kuphunzitsa galu wodwala n'kutaya nthawi. Aonenso pakhosi pamene panadutsa tcheni paja.

Mukabwerako, yambani ndi kumuchepetsera zomuopsa. Ngati geti lili ndi mipata, tsekani ndi nsungwi kapena lata kuti asamaone msewu. Geti lisakhalenso lotsegula. Mlendo akagogoda, choyamba Bingo apite kuseri kapena m'chipinda, apatsidwe chotafuna, kenako mutsegule. Izi sizimuchiza, koma zimamuletsa kubwereza khalidwelo, komanso zimateteza anthu.

Tsopano ntchito yeniyeni. Pezani chakudya chimene amachikonda kuposa nsima yake ya masiku onse, monga usipa, chiwindi chowiritsa kapena nyama ya nkhuku yopanda mafupa, muduledule tizidutswa tating'ono kwambiri. Pemphani mnzanu amene Bingo samudziwa kuti aime patali. Patali pake ndi pamene galuyo akumuona munthuyo koma sanayambe kuuwa ndipo akutha kudya. Kwa ena ndi mamita 10, kwa ena 30 kapena kuposa. Munthuyo akaonekera, Bingo n'kumuona, inu yambani kumupatsa tizidutswato kamodzikamodzi. Munthuyo akabisala kuseri kwa mpanda, chakudya chiime. Akaonekeranso, chakudya chiyambenso. Ndondomekoyi musaisinthe: aone munthu kaye, chakudya chibwere pambuyo. Mukatulutsa chakudya munthu asanaonekere, galu amayamba kukayikira chakudyacho, poti chimamuuza kuti choopsa chikubwera.

Mnzanuyo asamuyang'ane m'maso, asamuitane, asatambasule dzanja. Aime cham'mbali ngati alibe naye ntchito.

Tsiku lina mudzaona chinthu ichi: munthuyo akaonekera, Bingo adzamuyang'ana kamphindi kenako n'kutembenukira kwa inu kudikira usipa, makutu ali omasuka. Zikafika pamenepo ndiye mwayamba kupambana, ndipo mukhoza kumusendeza mnzanuyo pafupi ndi sitepe imodzi kapena ziwiri. Akakana chakudya, akauma thupi, akayamba kunyambita milomo, kuyasamula alibe tulo, kapena kuonetsa zoyera za m'maso, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Bwererani patali. Mphindi 5 zokha n'zokwanira, musamutopetse.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse, muwauzenso bambo a kunyumba: galu akadzuma musamumenye. Kudzuma ndi chenjezo lake. Mukamumenya chifukwa chodzuma, mantha amatsala, chimene chimachoka ndi chenjezolo. Agalu amene anthu amati “waluma osachenjeza” ambiri mwa iwo analetsedwa kuchenjeza.

Mlongo wanu wokhala ku Cardiff:

Bambo a ku Area 25, ndi ulemu wonse, ganizo lakuti galu akulimbirana ufumu ndi mwini wake linachokera ku kafukufuku wakale wa mimbulu yotsekeredwa pamodzi. David Mech, katswiri wa mimbulu amene anathandiza kufalitsa ganizoli, analemba yekha mu 1999 kuti m'tchire gulu la mimbulu limakhala banja, makolo ndi ana awo. Mu 2009 Meghan Herron ndi anzake ku University of Pennsylvania anafunsa eni agalu amene anabwera kudzafuna thandizo pa khalidwe la agalu awo. Mwa amene ankamenya kapena kuponda galu, 43 pa 100 alionse ananena kuti galuyo anabwezera mwaukali. Mu 2021 bungwe la madokotala a khalidwe la ziweto ku America, American Veterinary Society of Animal Behavior, linanena poyera kuti agalu aziphunzitsidwa ndi mphoto, ngakhale olusa amene. Kuno ku Wales makolala omenya galu ndi shoko ya magetsi analetsedwa mu 2010.

Ndodo imamutontholetsa galu pamaso panu, izo sindikukana. Koma mayiwa atiuza okha kuti chibwerereni wa tcheni uja galu wayamba kudzuma akaona chingwe. Mantha awonjezeka.

Bambo wa ku Area 25:

Zamveka, koma za ku Ulaya ndi za kuno n'zosiyana. Kumeneko galu amagona pa sofa. Kuno tikufuna chitetezo.

Mayi wa ku Chilomoni:

Ine ndingowonjezera za ana. Mwati ana amamusisita bwinobwino, komabe asamatsale okha ndi galuyo, makamaka akamadya, akagona, kapena akangomaliza kuuwa pa geti mtima udakali m'mwamba. Ana a anansi asamalowe kukatola mpira. Ndipo khadi la katemera wa chiwewe likhale pafupi. Kuno ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera kuyambira 2015 chifukwa ana ambiri ankamwalira ndi chiwewe. Galu wobayitsa akakanda munthu nkhani imakhala yopepukirapo. Wina akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Membala wosatchula dzina:

Zikomo kwambiri nonse, mtima wayamba kukhala m'malo. Katemera anabayitsa, khadi lilipo. Achimwene a ku Blantyre, ndili ndi nkhawa imodzi. Bambo a kunyumba awerenga nawo ndipo akuti ndikamamupatsa usipa pamene akuona mlendo, ndiye kuti ndikumulipira chifukwa cholusa, aziwonjeza. Sizoona zimenezi? Komanso za mabingu ndichite bwanji, popeza mvula sindingaiimike patali?

Wosamalira ndi kuphunzitsa agalu, Blantyre:

Funso la bambowo ndi lanzeru, ambiri amafunsa lomweli. Auzeni chonchi: mwana amene amaopa jekeseni, mukamunyamula n'kumupatsa switi ali pa mzere kuchipatala, mantha ake sakula. Koma mukamumenya mbama chifukwa cholira, ulendo wotsatira adzayamba kulira akangoona geti la chipatala. Chakudyacho chikusintha zimene Bingo amamva mumtima akaona mlendo, ndipo mantha akachepa kuuwa kumachepa kokha. Komanso mukasunga mtunda bwino, mukhala mukumupatsa asanayambe kuuwa. Akaphulika, musakalipe, musakoke chingwe. Mutembenuke naye mupite patali, akhazikike, muyambirenso tsiku lina.

Za chingwecho muchite chimodzimodzi. Tcheni chothina chija chitayeni. Gulani harness yovala pachifuwa, muziiika pansi n'kuwaza usipa pambali pake kwa masiku angapo musanayese kumuveka.

Mabingu ndi ovutirapo, chifukwa agalu ena amayamba kuopa mphepo ndi mdima wa mitambo bingu lisanagunde. Chachikulu, mulowetseni. Wasankha yekha khitchini, ndiye muikireni thumba kapena bulangete lakale pakona pamenepo, tsekani mawindo ndi makatani, yatsani wailesi. Akafuna kutsamira miyendo yanu muloleni. Akafuna kubisala musamukoke. Galu wamantha womangidwa pa tcheni panja nthawi ya mabingu akhoza kudzipotokola khosi. Nyengo ya dzuwa muziika kulira kwa mabingu pa foni motsitsa kwambiri pamene akudya, n'kumakweza pang'onopang'ono pakapita masiku. Ntchito imeneyi imafuna kuyamba mvula ya mu Novembala isanafike. Pa 31 Disembala adye msanga, atuluke kukadzithandiza kusanade, kenako akhale m'nyumba.

Popeza akufika podzivulaza, muwauze adokotala zimenezo. Alipo mankhwala othandiza agalu amantha, ena omwa tsiku la mabingu lokha, ena ngati fluoxetine omwa tsiku lililonse amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira. Alembe ndi adokotala. Musamupatse mankhwala a anthu a m'kabati, ibuprofen ndi ena otero amawononga impso ndi m'mimba mwa galu. Mavu ndi zina zija anthu amadyetsa agalu zimangomuzunza.

Pa funso lanu lakuti angasinthe, ndikuuzeni zoona. Angasinthe, koma ndi ntchito ya miyezi, ndipo masiku ena adzabwerera m'mbuyo, makamaka tsiku lotsatira mabingu kapena phokoso lalikulu, chifukwa thupi limachedwa kukhazikika. Mwina sadzakhala galu wothamangira alendo kuti amusisite. Cholinga n'chakuti aziona mlendo n'kutha kukhala phee pafupi ndi inu. Muphunzitseninso kuvala muzzle yotchinga kukamwa, yokhala ngati dengu, imene amatha kupuma mwawefuwefu ndi kumwa madzi ataivala. Pakani chiponde pang'ono m'kati, alowetse mphuno yekha, zomanga zibwere pambuyo akazolowera. Idzakuthandizani popita kwa dokotala.

Za kulondera, bambo a ku Area 25 ali ndi mfundo, chitetezo n'chofunika. Koma Bingo sadzasiya kuuwa usiku munthu akamakwera mpanda, zimenezo zili m'magazi mwa galu. Panopa amauwa chilichonse, njinga, mwana, mphepo, moti a m'nyumba mwina munasiya kale kudzuka akauwa. Galu wokhazikika akauwa pakati pa usiku mumadziwa kuti kunja kulidi kanthu. Ndipo amene galu wamantha amaluma kawirikawiri ndi wogulitsa masamba, wowerenga mita ya madzi kapena mwana wa anansi.

Membala wosatchula dzina:

Ndamva, achimwene. Mawa ndiyamba ndi kutseka mipata ya geti ndi kufunsa za kwa dokotala. Eni nyumba ndikawaonetsa khadi la katemera n'kuwafotokozera kuti geti lizikhala lokhoma komanso galu azikhala kuseri mlendo asanalowe, mwina andipatsa nthawi. Ngati pa gulu pano pali amene amadziwa wophunzitsa agalu kuno ku Lilongwe wosagwiritsa ntchito ndodo kapena tcheni chothina, chonde lembani pansipa.

Wosamalira ndi kuphunzitsa agalu, Blantyre:

Aliyense amene angakulozereni, musanamulipire mufunseni kuti galu akalakwitsa iye amatani. Akayankha kuti amabwerera patali n'kuyambiranso mophweka, mulandireni. Akayamba za kumugoneka pansi kapena kumuonetsa bwana, mubwezereni pa geti pomwepo. Ndipo pophunzitsapo inu muzikhalapo, asamutenge galu kupita naye kumene simukuona.