Andiitanira ku xandu' ya malemu asewere anga ku Mexico, ndikanyamule chiyani?

NaBanda wa ku Houston

Moni nonse. Mwana wanga wachisamba anakwatira mtsikana wa ku Juchitán, m'dera la Oaxaca ku Mexico, wa mtundu wa Azapoteki (eni ake amadzitcha Binnizá). Bambo ake a mpongozi wangayo anatisiya mu Malichi, ndipo ine kumaliro sindinapondeko chifukwa cha ntchito. Tsopano asewere anga aakazi atumiza uthenga kuti pa 30 Okutobala ndisakasowe, kuli xandu' yaa, mwambo wawo wolandira akufa, ati malemu akubwera kunyumba koyamba chimwalirireni. Nditafunsa mpongozi kuti ndikatenge chiyani anangoseka n'kunena kuti "Amayi, mungobwera." Inu mukudziwa kuti kwa asewere sapita chimanjamanja. Kodi alipo amene anauonapo mwambowu? Ndikavale zakuda? China chimene chikundidya mumtima n'chakuti ndine mayi wa Mvano ku CCAP. Kodi ndikakapezekako ndiye kuti ndapembedza mizimu?

Chisale wa Chimanga

Mayi NaBanda, zikomo, ndipo pepani ndi malirowo. Ine ndinakhalako ku Mexico miyezi isanu ndi umodzi pa maphunziro a mbewu ya chimanga ku CIMMYT, malo ofufuza za chimanga ndi tirigu kufupi ndi Texcoco, ndipo mnzanga wina wa kuntchito anandipititsa kwawo ku Juchitán nthawi ngati yomweyi, pa xandu' ya agogo ake.

Choyamba, chotsani m'mutu zithunzi za anthu odzipaka penti ngati zigaza zija mumaona pa TV. Ku Juchitán mwambowu ndi wa m'nyumba. Mabanja ena amachita pa 30, ena pa 31 Okutobala, ndipo zonse zimayamba masiku asanu ndi anayi m'mbuyo, ndi mapemphero a tsiku ndi tsiku amene amatsogolera munthu wodziwa mapemphero a maliro. Xandu' yaa ndi ya chaka choyamba, ya chaka chachiwiri amati xandu' guiropa. Ziwirizi ndiye zikuluzikulu. Zaka zotsatira amangokonza kaguwa kakang'ono. Munthu akamwalira Okutobala atayandikira kwambiri amadikira chaka chinacho, ati amakhala akadali m'njira, sanafike n'komwe kumene akupita, ndiye angatembenuke bwanji.

Tsiku lenilenilo amuna amalawirira. Ine anandidzutsa kusanache n'kundipatsa chikwanje kuti tikadule mitengo ya nthochi, yathunthu ndi masamba ake ndi mikoko yomwe. Inayi tinaimika m'chipinda chachikulu, ina pakhomo. Pamwamba anapachika chimango cha makona anayi chokutidwa ndi maluwa achikasu onunkha kwambiri aja amati cempasúchil, ndi kamtanda pamwamba pake. Chimenechi ndiye biguie', guwa lachikale. Kenaka tinayamba kumangirira malalanje, ngole, nthochi ndi buledi, mpaka denga losaonekanso. Pansi anayala mkeka n'kuikapo chithunzi cha malemu, makandulo, madzi, chakudya chimene ankakonda ndi botolo lawo la mezcal, kachasu wa kumeneko. Mabanja ena m'malo mwa biguie' amamanga guwa la masitepe asanu ndi awiri kapena asanu ndi anayi. Atamaliza anafukiza copal, utomoni wonunkhira ngati lubani, ndipo panja anaombera makombola kuti anansi adziwe kuti mlendo angathe kufika tsopano.

Za chonyamula musavutike nazo. Amayi amabwera ndi maluwa m'mbale, kandulo ndi kandalama ngati chipepeso chakwathu. Mukapereka, eni nyumba amakubwezerani buledi ndi tamales, ufa wachimanga wophikidwa m'masamba a nthochi kapena m'makoko, ngati mikate koma yokhala ndi ndiwo m'kati. Maluwawo mukagule kumsika wa konko. Zovala, zakuda kapena zosawala zili bwino. Koma mutenge mpango womanga zolimba, chifukwa nyengo imeneyo kumawomba chimphepo cha kumpoto choti ngakhale chimanga chawo, chotchedwa zapalote chico, n'chachifupi kuti chisagwe. Agogo ena anandiuza kuti mphepoyo ikayamba ndiye kuti alendo ali m'njira.

Mtumiki wa ku Kawale

Amayi, chenjerani. Deuteronomo 18:11 akuletsa kufunsira kwa akufa. Kuwaikira chakudya ndi mowa kukusiyana pati ndi kuthira nsembe pansi pa mpoza? Tumizani chipepeso pa foni, inu mukhale.

NaNkhoma Mphunzitsi

A Mtumiki, vesi mwatchulalo likunena za kufunsira, ndiye kuti kuombeza. M'zimene alemba a Chisale ndani wafunsira kwa ndani? Ine ndikuonapo anthu akulandira mlendo. Ndipo nanunso ndikufunseni, pochotsa chinsalu pa chiliza paja simupha mbuzi?

Mayi NaBanda, ine ku Mexico sindinafikeko, koma ndinaphunzitsa mbiri zaka zambiri ndipo za anthu amenewa ndinawerengako. Dzina lakuti xandu' linachokera ku mawu a Chisipanishi otanthauza woyera, chifukwa ansembe atafika m'zaka za m'ma 1500 anaumangiriza mwambowu ku masiku a Oyera Onse ndi okumbukira akufa. Koma mwambo weniweniwo ndi wakale kuposa tchalitchi. Azapoteki akale manda sankawaika kutali kunkhalango monga ife. Ankawakumba pansi pa nyumba yomwe akugonamo, ndipo ankawatsekula n'kuikamo wina akamwalira. Ku Lambityeco, kufupi ndi Tlacolula, kuli manda otere amene pakhomo pake anaumbapo nkhope za bambo ndi mayi a nyumbayo, makwinya ndi ndevu zomwe. Ku Monte Albán, mzinda wawo waukulu wa paphiri, katswiri wofukula zakale Alfonso Caso anatsekula manda a nambala 7 mu 1932 n'kupezamo zinthu zagolide, chifukwa Amisiteki, mtundu wina wa anthu a ku Oaxaca, anadzawagwiritsanso ntchito mandawo patapita zaka mazanamazana. Tauni ya Mitla m'chinenero chawo ndi Lyobaa, malo opumulira. Ndiye anthu amene makolo awo ankagona pamwamba pa agogo awo, kuwakonzera mgonero kamodzi pachaka sichingakhale chodabwitsa kwa iwo.

Inu mukapemphere pemphero lanu la Chimvano. Iwo akamanena korona, inu mukhale phee ngati mmene timachitira pa maliro a Akatolika kwathu.

Chisale wa Chimanga

Ndinaiwala chimodzi chimene chinandigwira mtima kuposa zonse. Mu Novembala anthu a ku Juchitán sakhamukira kumanda monga amachitira ku Xoxocotlán ndi madera ena a Oaxaca. Amati ino ndi nthawi ya akufa kubwera kwa amoyo. Amoyo amakabweza ulendowo pa Sabata Loyera, ndipo manda awo awiri akuluakulu maina ake ndi Domingo de Ramos ndi Miércoles Santo, ndiye kuti Lamulungu la Kanjedza ndi Lachitatu Loyera, masiku omwe amapitako. Manda ambiri ali ngati tinyumba, amakasesa, kudya konko ndi kucheza mpaka usiku. Komanso musaganize kuti Azapoteki onse amachita chimodzimodzi. Ku Teotitlán del Valle, kwa oluka makalapeti, mizimu imafika pa 1 Novembala 3 koloko masana, mabelu a tchalitchi akulira, n'kuchoka tsiku lotsatira nthawi yomweyo. Ndi zinenero zawo zomwe n'zosiyana, wa ku Juchitán ndi wa kumapiri samvana bwinobwino.

NaBanda wa ku Houston

Ndabwerako dzulo, abale. Ndinagula maluwa mumsika ndi kandulo monga munanenera a Chisale, ndipo ndinaonjezapo paketi ya tiyi wa ku Thyolo, chifukwa malemu atabwera ku ukwati anaukonda kwambiri mpaka anapempha wina wopita nawo. Ndinkachita manyazi kuti mwina ndikulakwitsa, koma asewere anaulandira ndi manja awiri n'kuuika pafupi penipeni ndi chithunzi. Ankayankhula ndi chithunzicho m'chinenero chawo ngati munthu wangolowa kuchokera kumunda, ndipo mpongozi anandimasulira kuti akuti, "Taona, mayi wa mkamwini wako wafika, ukanakhala ulipo ukanayamba kale nthabwala zako zosaseketsa zija."

Asewere anandionetsanso pabwalo pamene anamangira guwa la amayi awo mu 2017, pansi pa lona, nyumba itagwa ndi chivomezi cha pa 7 Seputembala chija. Ati sakanalola kuti gogo afike n'kupeza palibe womulandira.

A Mtumiki, ndinapemphera Atate Wathu m'Chichewa, ndipo ndinaimba nyimbo imodzi ya m'buku lathu atandipempha. Palibe amene anandiuza kuti ndigwadire chilichonse. Pa 2 Novembala anapasula guwa n'kugawa zipatso kwa onse amene anathandiza, ine anandipatsa malalanje asanu ndi ngole imodzi zimene ndinadya konko poti pabwalo la ndege sakanalola. Tiyi uja sanagawe. Asewere ati amusunga kuti tikamwere limodzi kumanda pa Lamulungu la Kanjedza, ndiye ndayamba kale kupempha tchuthi kwa abwana.