Agogo a mufilimu yanga ndiwapeza kuti?

Wotsogolera filimu, Blantyre:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi wamawa tikuyamba kujambula filimu yaifupi. Nkhani yake ndi ya mayi amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi n'kubwerera kumudzi, ndiye mwana wa mlamu wawo atamwalira, abale ayamba kuwanena kuti ndi mfiti. Ku odishoni kunabwera achinyamata okhaokha, wamkulu pa onsewo wa zaka 34. Amene akutipatsa ndalama akuti titenge mtsikana wina wotchuka pa TikTok, timuthire ufa m'mutu, timugwiritse ndodo, avale chitenje chong'ambika. Mtima wanga ukukana.

Wodzola ochita sewero, Lilongwe:
Achimwene, ufawo umagwira pa siteji, pamene woonera ali kutali. Kamera ikayandikira, manja ndi khosi zimaulula zonse. Makwinya apamphumi ndikhoza kujambula, koma zala zimene zagwira khasu ndi choko zaka 40 sindingazipange.

Wolemba nkhani, Zomba:
Ine chandiwawa ndi chitenjecho. Mwati mayiwa anali mphunzitsi. Amalandira penshoni, malaya amasita ngakhale ndi simbi yamakala, akapsa mtima Chingerezi chimatuluka chokha. Nanga nsanza zikuchokera kuti? Zikuchokera m'mafilimu amene tinakulira m'mavidiyo sho, athu ndi a ku Nigeria omwe: nkhalamba ikangotulukira, ana amakuwiratu kuti mfiti ija yafika. Bwana ndi wamimba ndi suti, mlonda ndi wogona pageti woti tizimuseka, wantchito wam'nyumba ndi wakuba kapena wolanda banja. Mukawaveka nsanza mayiwa, woonera aweruza mlandu asanayankhule n'komwe, ndipo akhala mbali ya abale aja. Kumbukirani za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma zithunzi zathu zimaphunzitsa zosiyana.

Wochita zisudzo wakale, Ndirande:
Ana anga, ife tilipo. Kungoti chidziwitso mumachiika pa Facebook, ndiye tichiona bwanji? Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi silinakwane zaka 18, musadabwe kuti pamzere panadzaza anyamata. Pitani kumene kuli akuluakulu. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amachita masewero kutchalitchi. Funsani anthu amene ankasewera pa wailesi ya MBC, mawu akadali nawo. Funsaninso aphunzitsi opuma amene ankaphunzitsa ana zisudzo kusukulu. Ndipo musawaimike pamzere ndi nambala pachifuwa. Apezeni kwawo, mukhale pansi, muwafotokozere nkhaniyo.

Wojambula, Mzuzu:
Bambo anena zoona, koma chenjezo limodzi. Musatenge mayi wa m'mudzi womwe mukujambulawo, kapena woyandikana nawo. Ife tinachitapo. Filimu itafika m'mafoni, ana anayamba kuwaitana mayi aja ndi dzina la m'sewero, ena n'kumawathawa pachitsime. Mpaka tinabwerera kukayankhula ndi amfumu. Tengani wa boma lina, ndipo ana awo amve nkhani yonse asanasaine.

Wolemba nkhani, Zomba:
Wa boma lina inde, koma mvetserani lilime. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 anaijambula ku Kasungu, wosewera mbali ya mnyamatayo anali wa ku Kenya, ndipo kuno tonse tinamva kuti Chichewacho n'chophunzira. Ngati nkhani yanu ndi ya ku Ntcheu, mayi wa ku Nsanje kapena ku Karonga adziwika pa moni pomwe.

Wotsogolera filimu, Blantyre:
Zonsezi ndamva. Koma wa ndalama uja ndimuuza chiyani? Iye akufuna nkhope yogulitsa.

Woyang'anira ntchito yojambula, Lilongwe:
Osakangana naye. Mtsikanayo mupatseni mbali ya mdzukulu amene akuteteza agogo ake, mumuwonjezere masini (zigawo za filimu) awiri, pa positala akhalepo onse. Kenako jambulani sini imodzi kawiri, ya ufa ndi ya mayi weniweni, mumuonetse pa laputopu osanena kanthu. Pa bajeti onjezani galimoto yowatenga pakhomo, mpando ndi mthunzi. Masini awo akhale am'mawa, asamadikire tsiku lonse mukukonza magetsi. Mgwirizano muwawerengere m'Chichewa, ndipo ndalama ipite pa Mpamba kapena Airtel Money yawoyawo, osati ya mdzukulu wawo wa kunyumba.

Wochita zisudzo wakale, Ndirande:
Musawapanikize kuloweza mzere uliwonse. Auzeni chimene chachitika, mawu apeza okha, ndipo aposa anu olembawo. Pepani a ku Zomba.

Wolemba nkhani, Zomba:
Bambo, ndavomera. Achimwene a Blantyre, mlonda mulinso naye mufilimuyi?

Wotsogolera filimu, Blantyre:
Alipo, ndipo ndachita manyazi, pa tsamba 6 ndinamugoneka pageti. Ndikukonza usiku uno. Bambo a ku Ndirande, Lachinayi masana muli ndi mpata mundiperekeze kwa amayi a kutchalitchi aja? Thiransipoti ndi yanga.