Ana omwe ndimalera akuthawa nthawi yojambula, nditani abale?

Membala wobisa dzina:
Admin musaonetse dzina langa chonde, abwana athu ali m'gulu momuno. Ndimagwira ntchito pamalo ena olererapo ana kunja kwa Blantyre, chaka chachinayi chino. Ndine mayi wa m'nyumba, ndimagona nawo, kuwadzutsa, kuwaphikira phala, zonse. M'nyumba mwanga muli ana 11. Malipiro a mwezi watha mpaka lero sanabwere, akuti madona achepetsa thandizo, koma galimoto ya abwana mafuta sayithera. Mnzanga wa nyumba inayo ndi mlamu wawo wa abwanawo, Loweruka lililonse ali kumaliro, ana ake amanditulira ine. BP yanga inayambira pomwepo, moti amuna anga akuti ndingosiya ndizikagulitsa kaunjika.

Koma nkhani yake ndi iyi. Atiuza kuti masana aliwonse ikakwana 3 koloko tizichita ndi anawa zowapepuza maganizo, kujambula, kuimba, zisudzo. Kutiphunzitsa ayi, angotiuza basi. Makrayoni omwe alendo anabweretsa chaka chatha ali m'kabati, kiyi ali ndi mlamu uja. Ndinagula ndekha mapensulo ndi ndalama ya ku banki m'khonde. Tsiku loyamba ndinawauza kuti aliyense ajambule kwawo. Awiri anang'amba pepala, mmodzi anatuluka mpaka nsima ya madzulo sanadye, enawo kumangondiyang'ana. Chiyambire tsikulo nthawi ikamayandikira amakabisala kuseri kwa khitchini. Ndichite nawo chiyani?

Bambo Chilungamo:
ANA AMENEWO AKHUTA. Ife tinakula opanda bambo, palibe anatipatsa krayoni. Tikaweruka kusukulu kunali khasu, kenako kukasaka mbewa, usiku tulo tokhatokha. Apatseni munda aliyense mizere yake muone ngati abisalenso. Zojambulajambulazi ndi za azungu.

Nangozo:
Asisi, anawo ali ndi zaka zingati? Ndipo anabwera pamalopo chifukwa chani? Popanda zimenezo tingokunamizani.

Mfana wa ku Ndirande:
Ine ndaima pa mlamu wa maliro a Loweruka lililonse. Kwawoko kwatsala anthu? 😂

Mayi a mapasa:
Ine nkhaniyi yandikhudza chifukwa ndinakulira malo ngati amenewo mayi atamwalira. Alendo akamabwera ankatisambitsa, kutindandalika, tiziimba nyimbo yowalandira, iwo kumatijambula zithunzi. Akachoka zidole ankazitsekera. Mpaka lero ndikamva kwaya ya ana mtima umandipweteka. Ndiye inu mayi mukuti ajambule kwawo, kwawo kwake kuti? Ine mukanandifunsa nthawi imeneyo ndikanajambula manda.

Bambo Chilungamo:
Koma si inu mwakula bwinobwino apa mukulemba pa foni? Ndiye vuto lili pati? Mwana amafuna nsima, sukulu ndi mwambo. Wovutayo mutumizeni ku Mpemba akawongoke.

Mlangizi wa ana:
Bambo Chilungamo, ku Mpemba ndi ku Chilwa kumapita ana omwe alakwira malamulo, ndipo amawatumiza ndi khoti, si kotayirako mwana yemwe wakana kudya. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo, muliwerengeko. Kwa mayi wafunsayu: simunalakwe dala, koma munayambira kumapeto. Mwana yemwe wachoka kwawo chifukwa cha imfa kapena nkhanza sumufunsa za kwawo pagulu, anzake akumuyang'ana. Yambani ndi zotangwanitsa manja zomwe sizifunsa mafunso, dongo, bawo, phada, galimoto zamawaya, mpira wachikulunga aumange okha ndi majumbo. Inuyo khalani pamphasa muziumba ng'ombe yanu osaitana munthu. Woyamba kubwera adzabwera kudzakusekani kuti ng'ombeyo ikuoneka ngati galu. Mulekeni aseke, mumupatse dongo akuonetseni.

Mtumiki wa Ambuye:
Zimenezi sizifuna dongo. Pali mizimu ya kumakolo yomwe imatsata ana amasiye. Kusala kudya masiku atatu ndi mapemphero a usiku. Inbox mayi.

Nangozo:
Mwana wakana kale nsima inu mukuti asalenso kudya? Abusa chonde. Ndafunsa zaka za anawa mpaka pano palibe wayankha.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Za kiyi uja ndinawauzapo abwana kawiri, anangoti tikambirana. Ndiye mundiuze, ndi chilungamo kuti ine ndizigula mapensulo pomwe malipiro sanandipatse? Sopo wochapira zovala za anawa mwezi uno ndabwereka kwa mayi wa pa okala.

Bambo Chilungamo:
MWAONATU. Nkhani yake ndi ndalama, si ana. Malo ambiri oterewa ndi bizinesi, amasonkhanitsa ana kuti azidyera madona. Boma linanena kale kuti ana azibwerera kwa achibale awo, azikulira m'mudzi. Tsekani malowo basi.

Mayi a mapasa:
Kwa achibale ake ati? Ine amalume anatenga malata a nyumba ya mayi maliro asanathe n'komwe. Musamayankhule ngati m'mudzi monse muli angelo.

Achimwene a ku Joni:
Kuno ku Johannesburg ndimaona ana a malo oterewa ali ndi magitala, ena akuphunzira kompyuta. Kwathuko mpaka liti dongo? Ndikanakhala ndi ndalama ndikanatumiza.

Mfana wa ku Ndirande:
Achimwene tumizani kaye ya transport ya mlamu uja, Loweruka layandikira.

Aphunzitsi opuma:
Ndiyankhepo pang'ono. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, ana ambiri a ku Chilobwe anasungidwa m'makalasi, ine ndinkathandiza nawo pa kampu ina. Tinkawapatsa mapepala osawauza choti ajambule. Masiku oyambirira ambiri ankangodetsa pepala lonse ndi pensulo mpaka kuboola. Kamtsikana kena kankaumba tinyumba tadongo, kuyala bwinobwino pamzere, kenako kuponda tonse ndi phazi, mawa lake kuyambanso. Mnzanga ankafuna kukaletsa kuti kakuononga, tinamugwira dzanja. Patapita masabata kanayamba kusiya kanyumba kamodzi osaponda. Sitinakafunse chifukwa chake. Chinanso chomwe chinkatithandiza ndi nthano madzulo. Ukangoti "padangotero", ngakhale wokwiya uja amayankha "tili tonse" mosazindikira. Nkhani ya Kalulu ndi Fisi mwana amatha kuyikamo zake popanda kunena kuti ndi zake.

Bambo Chilungamo:
Nthanozo ndiye ndikugwirizana nazo, agogo ankatiuza. Koma akatha nthano apite kumunda.

Aphunzitsi opuma:
Dimba si loipa bambo, mwana akabzala yekha mpiru n'kumauthirira amakondwa nawo. Kuipa kwake n'kulisandutsa chilango.

Nachisale wa zoluka:
Ine ndimaphunzitsa kuluka zikwama ndi kusoka, mtengo wake ndi wochezeka, ndimabwera ndi ulusi wanga. Atsikana amazikonda kwambiri. Admin ndiloleni ndiike nambala.

Mlangizi wa ana:
Ndiwonjezere za mwana yemwe sanadye uja. Mumuyang'anitsitse. Ngati akudzipatula, akukodza pogona pomwe kale samatero, akulota zoopsa kapena akutchula zofuna kufa, zimenezo si za masewero a 3 koloko. Imbani 116, ndi yaulere, kapena pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu, iwowo ndi omwe amayendera malo olererapo ana. Muwafunsenso ngati pafupi nanu pali Children's Corner, kumeneko kuli anthu ophunzitsidwa masewero amenewa, anawo akasakanikirane ndi anzawo a m'mudzi. Za buku la chikumbutso, lomwe mwana amalembamo mayina a makolo ndi kumata zithunzi, zidzabwere patsogolo, mwana mmodzimmodzi, yekha akafuna. Koma Nangozo akunena zoona. Wa zaka 6 ndi wa zaka 16 sungawapatse chinthu chimodzi. Mnyamata woti wayamba ndevu ukamupatsa pensulo kuti ajambule nyumba amaona ngati ukumunyoza.

Nangozo:
Kachitatu tsopano. ZAKA ZINGATI?

Membala wobisa dzina:
Pepani foni inathima, magetsi kuno anazima kuyambira m'mawa. Za Social Welfare ndikuopa, akabwera abwana adziwa kuti ndine. Dongo lilipo kudambo, ndiyesa Lolemba. Mlamu uja wangonditumizira uthenga pompano kuti mawa ali ndi chinkhoswe ku Lunzu.