Ngalande ya pakhomo pa golosale yanga yasanduka dzala, ndiwauze bwanji anzanga osadana nawo?

A admin, chonde ndibisireni dzina. Tauni yathunso sinditchula chifukwa kuno ukayetsemula kumsika wa nsomba a kusiteji amamva. Ndingoti ndi katauni ka pa M1, komwe anthu amagula tomato ndi mbatata pawindo la minibasi.

Ndili ndi kagolosale pafupi ndi siteji, chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi. Kutsogolo kwanga kumadutsa ngalande ya simenti, ndipo ndi imeneyo yandisowetsa tulo. Ndimasesa m'mawa uliwonse ndisanatsegule, koma ikamakwana 10 koloko mungati tsache silinafikepo chaka chino. Makoko a nthochi, zitsononkho, zotafuna za nzimbe, timakadi ta mayunitsi, majumbo a tchipisi onona mafuta, zonse zimathera m'ngalandemo.

Mvula ya mu Januwale inandionetsa zakuda. Kalavati anatseka usiku, madzi n'kubwerera, n'kulowa pansi pa chitseko. Belo la shuga, thumba la mchere ndi makatoni awiri a sopo zinapita choncho. Kutacha ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinatenga khasu, ine ndi mwana wanga wamwamuna n'kulowa m'ngalande. Tinatulutsa mawilibala asanu ndi anayi. Munali matewera a ana otupa ngati mikate, timabotolo ta midoli tosawerengeka, nsapato ya mwendo umodzi, ndi kamwana kagalu kakufa komwe fungo lake sindikufuna kulikumbuka. Anthu anaima m'mbali manja m'thumba kumaonerera. Wina mpaka anafunsa kuti, “Amayi, ganyu imeneyi akulipirani zingati?”

Pafupi nane pali mnyamata wa chiwaya, mwana wa mnzanga amene timapemphera limodzi. Makoko a mbatata ndi madzi otsukira amakhuthulira momwemo. Ndinamuitanira pambali, osati pagulu. Iye mwaulemu ndithu anati, “Amayi, tikamatola ife osesa a khonsolo adya chiyani? Si timadula chiphaso tsiku ndi tsiku?” Sabata isanathe mayi ake anasiya kundipatsa moni bwinobwino, ndipo ndikumva kuti akuti ndikufuna ukhansala.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti anthu omwewa kwawo ndi aukhondo. Pitani kunyumba kwa mayi akewo mbandakucha, mukapeza bwalo lasesedwa mpaka mizere ya tsache ikuoneka, khonde lozira, mbale zili pathandala. Koma munthu akangotuluka pampanda, basi, “kuno n'kwa boma”. Musandiuzenso za umphawi ayi. Dzana lomweli galimoto ya magalasi akuda inaima pakhomo panga, bwana wa taye anatsitsa galasi, n'kuponya botolo ndi mafupa a nkhuku pamapazi anga, n'kukweza galasi lake.

Ndiye anzanga, ndiyambire kuti? Kwa mfumu, kwa khansala kapena kukomiti ya msika? Nanga mnyamatayu ndimulankhule bwanji kuti ubale ndi mayi ake usathe? Mvula ikubwerayi sindingakwanitse kutayanso shuga.

Ndemanga

Bambo wina wogulitsa kaunjika: Mnyamatayo sanalakwe kwenikweni. Chiphaso timaduladi tsiku lililonse, nanga bini munaionapo pamsika wanuwo? Thalakitala yonyamula zinyalala inabwera liti komaliza? Munthu ataye kuti, m'thumba la malaya?

Mayi wina: Ee, m'thumba la malaya momwemo achimwene. Foni imakwana m'thumba, jumbo yopanda kanthu ikanike bwanji? Ine ana anga amadziwa, chikwama cha kusukulu chimabwera ndi mapepala a masiwiti, timataya kunyumba.

Bambo wa kaunjika uja: Nanga makoko a ndowa yonse ya mbatata alowenso m'thumba?

Mlangizi wa zaumoyo: Amayi, musapite nokha kwa mfumu ndi dzina la mnyamatayo, mukangoyambitsa chidani. Yambani ndi alangizi a zaumoyo a pachipatala chanu chaching'ono, kuyendera misika ndi malo ogulitsira zakudya ndi ntchito yathu. Ifeyo ndiye tikakumane ndi tcheyamani wa msika, nkhani ibwere ngati ya mzere wonse wa mashopu, osati ya inu ndi wa chiwaya. Anthu akayamba kuderera, akumbutseni kolera ija inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, inatenga anthu oposa 1,700. Thewera la mwana wotsegula m'mimba likagona m'ngalande, madzi omwewo ndi amene amakalowa m'zitsime zosatetezeka kumunsi, ntchentche zake n'zomwe zimatera pa tchipisi. Wa chiwaya akamva kuti kolera ikabuka zakudya zophikaphika zimaletsedwa pamsika, amvetsa msanga kuposa kumuuza za ukhondo.

Mwini funso: Zikomo alangizi, izi ndiye sindinaziganize. Ndimaopa kuti ndikakuitanani aziti ndamunenera.

Mlangizi wa zaumoyo: Tikabwera timayamba ndi shopu yanu yomweyo, osadandaula. Mukonzeretu ndowa yosambira m'manja.

Mphunzitsi wopuma: Ife tinakula nthawi ya a Kamuzu. Kunali Youth Week, ana asukulu tinkalambula misewu, kukumba ngalande, kukonza milatho. Pakhomo popanda chimbudzi ndi dzenje la zinyalala pankakhala mlandu. Lero mwana umuuze atole pepala, akufunsa kuti mundipatsa zingati.

Mnyamata wina: Agogo, munkalambula chifukwa chokonda dziko kapena chifukwa choopa ayufi? Komanso nthawi yanuyo nyama ankakulunga m'pepala, mandasi m'nyuzi, zonse zinkaola zokha. Jumbo siola, mbuzi ikadya imafa nayo m'mimba. Funsani aliyense wopha mbuzi zimene amapeza akang'amba chifu.

Mphunzitsi wopuma: Mantha analipo, sindikana. Koma ngalande zinkayenda madzi.

Mayi wina wa ku Zomba: Pepani amayi, ndikulaseni pang'ono. Inuyo kasitomala akagula shuga wopima ndi kasopo kamodzi mumamuikira muti? Si m'majumbo opyapyala omwewo? Boma linawaletsa mu 2015, onse amene kuchindikala kwake sikukwana muyeso wa ma micron 60. Makampani anathamangira kukhoti, Supreme Court mu 2019 inagamula kuti chiletso chikhalepo, koma onani lero ali mbwee paliponse. Ena mwa majumbo munafukula aja anatuluka pakauntala panu pomwepo.

Mwini funso: Mwandilasadi achemwali, ndipo sindikana. Ndinayesapo kusiya sabata imodzi, makasitomala ankangolowa shopu yotsatira. Tikanasiya tonse mzere wathuwu bwenzi zikutheka, koma ndekha ndingotseka golosale.

Mayi wa ku Zomba uja: Ndiye nkhani ina yokatula kwa tcheyamani ndi imeneyo.

Bambo wina ali ku Joni: Amalawi omwewa akafika kuno mumsewu wa ma shopping mall sataya ngakhale kachitsa ka ndudu, amasaka bini. Akangotsika basi ku Wenela ayambiranso. Ku Rwanda analetsa majumbo mu 2008, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi aliyense amatuluka kukagwira Umuganda, ntchito yosesa ndi yachitukuko m'dera lawo. Ife tinayamba zathu mu Novembala 2020, a Chakwera atakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Kwanuko likuchitikabe?

Mwini funso: Tinasesa miyezi itatu kapena inayi. Akuluakulu ankabwera ndi matsache atsopano, kujambulitsa, n'kukwera magalimoto. Milu tinaunjika ija inakhala pomwepo mpaka mbuzi ndi mphepo zinaimwazanso. Kuyambira pamenepo ukaitana anthu amangoseka.

Wa kabaza: Mayi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Madzi akulowa mwanu, osati mwa khansala. Ife pasiteji pathu tinadula mgolo pakati, tinagwirizana kuti wotaya pansi amalipira kandalama ku gulu, ndipo tsiku limenelo sanyamula kasitomala mpaka atalipira. Poyamba kunali mikangano, pano aliyense ndi wapolisi wa mnzake. Koma mgolowo muboole pansi ndipo muumange ndi tcheni, wathu woyamba unapezeka kwa mayi wina akuphikira kachasu.

Mayi wina woweta nkhumba: Za mnyamata wa chiwaya n'zosavuta. Makoko a mbatata ndi chakudya cha nkhumba, ine ndimachita kuwapempha. Mupezereni woweta wapafupi, mumupatse thumba, madzulo azibwera kudzatenga. Mwina azimupatsako kenakake. Simunamudzudzule, mwamupezera msika. Kwa mayi akewo pitani nokha ndi kapaketi ka shuga, mukacheze za kutchalitchi, za ngalande musatchule n'komwe.

Mnyamata wina: Shuga wake uti, si anapita ndi madzi?

Mwini funso: Inu musandiseketse, wina ndinaoda. Ndabwerako anzanga. Dzulo ndinakumana ndi mlangizi wa kuno, wati abwera Lachiwiri ndipo tcheyamani wavomera kuitana a mzere wathu wonse. Woweta nkhumba ndamupeza, ndi mlamu wake wa telala wa pafupi nane, thumba loyamba watenga lero. Mayi ake a mnyamata uja sindinapiteko, mtima ukadali kugunda. Mgolo ndagula, akuudula kwa wowotcherera. Koma a kabaza, simunandiuze chinthu chimodzi: ukadzadza mumakakhuthula kuti? Kuno kulibe mtaya, ndipo kuotcha mapulasitiki pakhomo pa golosale utsi wake umalowa mu buledi.

Wa kabaza: Ifenso pamenepo mpomwe pamatisautsa mayi. Timalipira mnyamata wa wilibala Loweruka lililonse. Kumene amakataya sitinamufunsepo.