PL/pgSQL: katundu akumatsika mpaka -1, vuto lili pati?

kasitolo_db:
Akuluakulu, mu database ya PostgreSQL ndili ndi function yochotsera katundu akagulidwa, yolembedwa mu PL/pgSQL (chilankhulo cholembera ma function mu PostgreSQL). Imayamba ndi SELECT kuchuluka INTO otsala, kenako IF otsala >= ogulidwa THEN UPDATE. Koma anthu awiri akagulitsa chinthu chomaliza nthawi imodzi, nambala imafika -1. IF ilipo, ndiye zikutheka bwanji?

mlonda_sql:
IF yanu ilibe mlandu. Vuto ndi mpata umene uli pakati pa SELECT ndi UPDATE. Pa READ COMMITTED, njira yolekanitsira ntchito za anthu ogwira nthawi imodzi yomwe PostgreSQL imagwiritsa ntchito mukapanda kusintha, SELECT wamba satseka mzere. Onse awiri awerenga 1, onse adutsa pa IF, onse achotsa.

Mutha kuwonjezera FOR UPDATE pa SELECT kuti atseke mzerewo, koma ndi bwino kungomaliza zonse ndi lamulo limodzi:

UPDATE katundu SET kuchuluka = kuchuluka - p_ogulidwa
WHERE id = p_id AND kuchuluka >= p_ogulidwa;
IF NOT FOUND THEN
RAISE EXCEPTION 'Katundu sakukwana';
END IF;

Wachiwiri amadikira woyamba amalize, kenako WHERE imaunikidwanso pa nambala yatsopano ndipo amakanizidwa. Ikaninso CHECK (kuchuluka >= 0) pa tebulo, chifukwa si aliyense adzadutsire mu function yanuyo.

nyenyezi_pg:
Zoonadi. Ka p_ kaja musakanyoze: dzina la variable likafanana ndi la column, mudzalandira "column reference is ambiguous". Chinanso, SELECT INTO ikapanda kupeza mzere siidandaula, imangoika NULL, ndipo IF imatenga NULL ngati false. Lembani INTO STRICT kuti ikuwe NO_DATA_FOUND.

kasitolo_db:
Zikomo kwambiri. Nanga ndiike COMMIT kumapeto kwa function?

mlonda_sql:
Ayi, function siingachite COMMIT. Imayenda mkati mwa transaction (gulu la malamulo amene amasungidwa limodzi ndi COMMIT kapena kulephera limodzi) ya amene waiitana. Zimenezo ndi za procedure, zomwe zinabwera ndi PostgreSQL 11 mu 2018 ndipo timaziitana ndi CALL. Nazonso zimakana COMMIT ikakhala mu block yokhala ndi EXCEPTION, kapena mukachita CALL mutatsegula kale BEGIN. Pa ntchito yanuyi COMMIT isiyireni pulogalamu, kuti lisiti ndi kuchotsa katundu zilowe limodzi kapena zilephere limodzi.

Lisiti ikakhala ndi zinthu zingapo, chenjerani ndi deadlock. Wina akatseka mzere 5 n'kumadikira 9, pomwe mnzake watseka 9 akudikira 5, PostgreSQL imathetsa transaction ya mmodzi. Mu FOR LOOP yodutsa zinthu za pa lisiti ikani ORDER BY id kuti onse azitseka mizere mu ndondomeko yofanana.