Za funso langa lija la chibaba cha fodya

Ndinafunsa kuti ndizitani chibaba chikandigwira madzulo, popeza ndinali nditangosiya kusuta. Zikomo nonse amene munandiyankha. Mpaka lero sindinasutenso.

Munanena zoona, chibaba chimakwera n'kutsika pakangopita mphindi zochepa. Chikabwera ndimamwa madzi, kutuluka kukayenda, kapena kuimbira foni mchemwali wanga. Sabata yoyamba inali yowawa: tulo kusowa, mtima wapachala. Adokotala anati thupi likuzolowera kukhala lopanda nikotini, ndipo zimenezi zimachepa pakatha masabata angapo. Chingamu cha nikotini chandithandizanso kwambiri.

Chikundivutabe ndi mowa. Ndikangolawa, dzanja limafuna ndudu, choncho ndayamba ndauleka kaye. Inu amene munadutsamo, munayamba liti kucheza ndi anzanu osuta popanda mantha oyambiranso?